Miyendo ya ndege yopopera mbewu ikavuta ikuyenda pansi: zizindikiro, zoyambitsa ndi zochita

Mwendo wa ndege yopopera mbewu, chitsulo chogwira gudumu lake, ukathyoka ndege ikungochoka pamalo odzazira mankhwala, anthu amadabwa poti siinali kuthamanga ndipo siinagunde kanthu. Kawirikawiri chitsulocho chimakhala chitayamba kale kung'aluka masabata kapena miyezi m'mbuyomo, ndipo kukhota komaliza ndi katundu wodzaza kumangomalizitsa ntchito yomwe dzimbiri kapena bawuti lokhwepa linayamba.

Chimene chimadya miyendo ya ndegezi ndi ntchito yake. Ndege yonyamula anthu imatera kamodzi itauluka maola, koma yopopera imatera, kudzaza, kunyamuka, kubweranso, mpaka dzuwa kulowa. Maola a m'buku paokha sakuuzani mmene mwendo watopera, muyenera kuwerenganso kuti yatera kangati. Katundu wake si wamasewera. Hopper, thanki yonyamula mankhwala, ya ndege ya Piper Pawnee imalowa malita pafupifupi 568, ya Air Tractor AT-502B malita 1,893, ya AT-802 malita oposa 3,000, ndipo AT-802 yodzaza imaloledwa kufika makilogalamu 7,257. Zonsezi zimatsamira pa matayala awiri akutsogolo ndi kamodzi kakumchira, pa bwalo la m'munda lomwe lili ndi mauna, timizulu ta chiswe ndi mikwasa ya mathirakitala. Pa dothi la makande, monga la m'chigwa cha Shire, bwalo limang'aluka m'chilimwe n'kusanduka phala mvula ikagwa. Pamwamba pa zonsezi pali feteleza ndi mankhwala omwe amagwera pa chitsulo tsiku ndi tsiku.

## Yambani mwadziwa mwendo umene muli nawo

- Chitsulo chimodzi chophwathalala chomwe chimagwira ntchito ya sipuling'i. Chili pa Air Tractor, Cessna 188 ndi Ag Cat. Chilibe zovuta zambiri, koma chikang'aluka sichichenjeza nthawi yaitali.
- Miyendo ya mapaipi yokhala ndi labala. Ma Pawnee ambiri ali ndi zingwe za labala, ma Thrush akale ali ndi malabala osanjikizana. Labala akatopa ndege imatsika.
- Mwendo wa mafuta ndi mpweya, monga wa PZL M-18 Dromader. Umavuta ndi kudontha komanso kuchepa kwa nitrogen.

Manambala a torque (mphamvu yomangira mabawuti), mpweya wa matayala ndi malire a kutha kwa zipangizo muwatenge m'buku la ndege yanuyo, la mtundu ndi nambala yake. Kukopera pa ndege ya mnzanu yooneka mofanana n'kolakwika.

## Musanagwire chilichonse

- Khuthulani hopper ndi kutsuka miyendo. Valani magolovesi osalowa mankhwala, chifukwa matope a pa mwendo amakhala ndi zotsalira za zomwe munapopera.
- Buleki ikatentha, fikani pa gudumu kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo, osati m'mbali. Limu ikaphulika, zidutswa zimathawira m'mbali. Musathire madzi ozizira pa disiki yotentha.
- Ikani jeke pa nthaka yolimba ndi yosalala, mutatsekera magudumu enawo, popanda mphepo. Mwendo wa sipuling'i umabwerera mkati katundu akamachoka, ndiye jeke imapendekeka ndege ikamakwera. Muziiyang'ana, ndipo ikapendekeka tsitsani muyambirenso.
- Chotsani mpweya wonse m'tayala musanamasule nati ya ekiselo. Ngati mabawuti ogwira magawo awiri a limu anathyoka, ndi nati imeneyo yokha imene yagwira gudumu.

## 1. Ndege ikukokera mbali imodzi

Yesani kaye kuyenda mtunda womwewo kupita ndi kubwerera. Ikakokera kumanzere popita n'kukokera kumanja pobwera, vuto ndi mphepo kapena kupendekeka kwa bwalo. Ikakokera mbali yomweyo ulendo wonse, fufuzani motere.

Buleki ikugwira yokha. Ichi ndicho chofala. Mukayenda pang'ono osaponda buleki, yezani kutentha kwa madisiki onse awiri ndi choyezera cha patali. Imodzi ikatentha kwambiri, kwezani gudumulo ndi kulizungulitsa ndi dzanja. Likamakana, tsegulani pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya pa caliper, chipangizo chomwe chimafinya disiki ya buleki:

- Gudumu likamasuka mafuta atangotuluka, mphamvu ya mafuta inatsekeredwa kumtunda. Onani valavu ya parking brake, kabowo kobwezera mafuta mu master cylinder (silinda yokankha mafuta mukaponda pedulo), pedulo yosabwerera bwino, kapena paipi ya labala yomwe yafutuka mkati.
- Likapanda kumasuka, vuto lili pa caliper pomwepo. Mapini omwe caliper imatsetserekapo achita dzimbiri, pisitoni yakanirira, kapena disiki yapindika.

Caliper yabwino imasuntha pang'ono mukaigwedeza ndi dzanja. Tsukani mapiniwo ndi kupakapo mafuta ouma amene buku lanena. Girizi wamba pa bwalo la fumbi amagwira mchenga, mawa lake caliper yakaniriranso. Kumbukiraninso kuti kumanga parking brake mabuleki ali otentha, kapena m'mawa kukuzizira kenako ndege n'kukhala pa dzuwa la mu Okutobala, kumafutukula mafuta mpaka buleki kukana kumasuka. Tsekerani matayala m'malo mwake.

Mpweya wosiyana m'matayala. Yezani ndi geji. Tayala la ndege limatha kuchepa mpweya kwambiri likuonekabe lokhuta.

Tayala lakumchira silinalunjike. Ngati ndege ikukoka pokhapokha loko wakumchira, woletsa tayalalo kukhota, atatsekedwa, chogwira pini ya loko chasuntha ndipo chiyenera kulunjikitsidwa. Pa ndege zomwe tayala lakumchira limakhota ndi mapedulo, onani ngati masipuling'i ndi matcheni a mbali zonse akukoka mofanana.

Bering'i yatha. Gudumu lili m'mwamba, ligwedezeni mutagwira pamwamba ndi pansi, kenako lizungulitseni dzanja lina lili pa mwendo. Kukhuluza kumamveka m'dzanja musanakumve m'khutu. Ndege zopopera zimatsukidwa tsiku lililonse, ndipo madzi a makina otsukira akalunjikitsidwa pa ekiselo amalowa n'kukokolola girizi. Bering'i yokhala ndi timaenje, dzimbiri kapena mtundu wabuluu wa kupsa isinthidwe pamodzi ndi kapu yake. Musasakanize mitundu ya girizi, ndipo split pin, pini yotsekera nati, ikhale yatsopano nthawi zonse.

Ekiselo kapena mwendo wapindika. Tayala limadyeka mbali imodzi, ndipo nthawi zambiri pamakhala mbiri ya kutera molimba kapena kugwera m'dzenje. *Apa imani, muitane injiniya.* Kulunjikitsa magudumu kumafuna ndege ikhale pa kulemera kumene buku lanena, matayala ataima pa zitsulo ziwiri zopakidwa girizi pakati, ndipo amakonza ndi tizitsulo topyapyala ta fakitale toika pakati pa ekiselo ndi mwendo.

## 2. Buleki yafewa kapena siikugwira

Pa ndege ya tayala lakumchira buleki ndi chiwongolero. Kulemera kwa ndege kuli kumbuyo kwa magudumu akuluakulu, choncho mchira ukayamba kuthawira mbali umafuna kupitirira mpaka ndege itazungulira, chomwe oyendetsa amati ground loop. Buleki imodzi ikafa muli pakati pokhota ndi hopper yodzaza, mwendo wakunja umalandira mphamvu ya m'mbali yomwe sunapangidwire. Yesani mabuleki onse awiri ndege itangoyamba kusuntha, musanayandikire ngalande, thanki ya mafuta kapena anthu odzaza.

Pedulo ikumveka yofewa, ikulimba mukaipopa kangapo

1. Mpweya m'mapaipi. Tulutsani pokankha mafuta kuchokera pansi pa caliper kupita kumtunda mpaka thovu litasiya kuoneka. Kenako dzifunseni kuti mpweyawo unalowa bwanji, chifukwa sumalowa wokha.
2. Mafuta achepa chifukwa cha kudontha. Yang'anani fumbi lonyowa lofiirira pansi pa caliper, m'malumikizidwe a mapaipi ndi kuseri kwa mapedulo.
3. Mapadi atha. Pa mabuleki a kampani ya Cleveland malire a kukhuthala kwa padi ndi mainchi 0.100, omwe ndi mamilimita 2.5. Mapadi ndi disiki zikatha limodzi, pisitoni imatuluka mopyola, kalabala kotseka mafuta ka O-ring n'kufika pakamwa pa silinda, mafuta onse n'kutayika nthawi imodzi. Umu ndi mmene buleki yomwe inali bwino m'mawa imafera masana. Yezaninso kukhuthala kwa disiki ndi choyezera cha micrometer, malire ake amasiyana malinga ndi nambala ya disikiyo.
4. Paipi ya labala yakalamba ndipo ikutupa mukaponda. Wina aponde, inu mutaigwira m'dzanja.

Pedulo ikutsika pang'onopang'ono mutaipondabe, koma panja palibe kudontha. Mafuta akudutsa mkati mwa master cylinder. Ifunika malabala atsopano.

Pedulo ndi yolimba koma ndege siikuima. Mapadi anyowa mafuta, apsa, kapena ndi atsopano ndipo sanazoloweretsedwe pa disiki. Onyowa mafuta satsukidwa, amasinthidwa. Atsopano azoloweretseni monga wopanga ananenera. Pa mapadi a Cleveland a mtundu wa organic, mumayenda mamita pafupifupi 450 mutaponda buleki pang'ono kuti liwiro likhale makilomita 8 mpaka 16 pa ola, kenako n'kuwasiya azizire mphindi 10 mpaka 15. A metallic ali ndi njira yawo yosiyana, ndiye dziwani amene mwaika.

Nkhani ya mafuta ndiyofunika kuitsindika, chifukwa cholakwikachi chimachitika mosavuta pa bwalo la kutali. Ndege zambiri za ku America zimagwiritsa ntchito mafuta ofiira a MIL-PRF-5606, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina lakale la MIL-H-5606. Mafuta a buleki a galimoto a DOT 3 kapena DOT 4 amawononga malabala a dongosolo limeneli. Wina akathiramo, kungokhuthula sikokwanira, injiniya atsuke dongosolo lonse ndi kusintha malabala onse. Mafuta a 5606 amayakanso msanga. Akadonthera pa disiki yotentha ndege itaima pa udzu wouma kapena zinyalala za nzimbe, moto suchedwa.

Mabuleki akamapsa mobwerezabwereza popanda chokanirira, yang'anani kayendetsedwe. Ndege za injini ya turbine zimakoka ngakhale injini ili pansi, ndipo woyendetsa wosazolowera amayenda mapazi ali pa buleki mtunda wonse.

## 3. Mchira ukunjenjemera, loko akukana

Shimmy, kunjenjemera kwa tayala lakumchira, anthu ambiri amaizolowera n'kumati ndegeyo ndi mmene ilili. Koma kugwedezeka kumeneko kumakhwepetsa mabawuti, kumakuza mabowo, ndipo kumang'amba mapaipi a chimango kumchira.

1. Kugwedera. Kwezani mchira ndi kugwedeza tayala mbali zonse. Onani mabushi, mabering'i, bawuti lolumikiza foloko (chitsulo chogwira tayalalo) ku sipuling'i ndi mabawuti a sipuling'i ku chimango.
2. Mpweya wolakwika, tayala lodyeka mosafanana, kapena matope ouma mkati mwa limu.
3. Sipuling'i yakumchira yafooka. Imani m'mbali, ndege itadzaza monga imagwirira ntchito, muyang'ane pini yaikulu imene foloko imazungulirapo. Iyenera kukhala chilili kapena nsonga yake yapamwamba itapendekera pang'ono kumbuyo. Nsongayo ikaweramira kutsogolo, sipuling'i yagona ndipo shimmy siidzatha ngakhale musinthe tayala kangati. Ndege yopanda katundu imabisa vutoli.
4. Zochepetsa kugwedezeka mkati mwa mutu wa foloko zatha kapena zadzala girizi wolakwika.

Loko wakumchira pa ndege zina amatsegulidwa ndi chogwirira, pa zina potsamiza ndodo yowongolera kutsogolo. Akamakana kulowa, yambani ndi matope ndi dzimbiri pa pini, kenako waya wokoka pini amene watambasuka kapena kukanirira, kenako pini yopindika kapena bowo lomwe lakula. Pini imapindika pa zifukwa ziwiri zodziwika: kukhotetsa ndege ndi buleki loko ali wotseka, ndi kuikankha kapena kuikoka ndi thirakitala osatsegula. Mukatseka loko, yendani molunjika pang'ono ndi kuponda buleki imodzi mopepuka kuti mumve ngati walowadi.

*Osanyamuka* ngati loko sakulowa motsimikizika, kapena mwaona mng'alu pa foloko, pa sipuling'i kapena pozungulira mabowo a mabawuti.

## 4. Tayala laphwa kapena laphulika

Mpweya wochepa ndiwo uli patsogolo. Tayala lofewa limatentha, ndipo mukaponda buleki limatsetsereka pa limu n'kukoka chubu mpaka valavu kuduka. Lembani mzere wa penti wodutsa pa tayala ndi limu. Mizere ikasiyana, kapena valavu ikayamba kupendekeka m'bowo lake, tayala layenda ndipo lichotsedwe.

Yezani mpweya m'mawa uliwonse matayala asanatenthe. Kutentha kukasintha ndi madigiri 3, mpweya umasintha ndi pafupifupi 1 pa 100, choncho musachotse mpweya m'tayala lotentha poganiza kuti wachuluka. Tayala lotaya mpweya woposa 5 pa 100 m'maola 24 lili ndi vuto. Latsopano limatambasuka m'maola 12 oyamba, ndiye liyezeninso nthawiyo ikakwana.

Zina, motsatana:

- Minga, ziputu ndi zidutswa za waya pa bwalo. Mukapeza chobaya, lembani malowo ndi choko, chotsani mpweya, ndiyeno muchizule.
- Chubu chotsinidwa pomanga, kapena chubu chakale choikidwa m'tayala latsopano. Chakale chinatambasuka kale ndipo chimapindika mkati. Pakani ufa wa talc, popani pang'ono, phwetsani, kenako popaninso kuti chikhale bwino.
- Kuzungulira pa gudumu limodzi lomangidwa buleki. Kumapotokola tayala, chubu ndi mwendo womwe. Gudumu lamkati lizigudubuzika ndithu pokhota, makamaka hopper ikadzaza.
- Labala wodyeka ndi mafuta a ndege kapena mankhwala. Amafewa kapena kutupa. Pamalo odzazira pasamakhale zithaphwi.
- Limu yong'aluka kapena yodyeka. Malimu a magnesium sachedwa kudyeka ndi feteleza. Onani pamene mkombero wa tayala umakhala ndi pozungulira mabawuti.

Tayala likaphwa ndege ili ndi katundu, imani pomwepo. Kuikakamiza kuti ifike pamalo odzazira kumawononga limu ndi disiki, ndipo kumapinda mwendo.

## 5. Kugogoda pokhota, phiko limodzi latsika, dzimbiri pa mwendo

Zizindikiro izi ndi zimene zimatsogolera kuthyoka kwenikweni, ndipo zimanyozeka chifukwa ndege imakhala ikuyendabe bwinobwino.

Mabawuti ogwira mwendo akhwepa. Kugogoda kumamveka pansi pa mpando mukakhota kapena kuponda buleki. Chizindikiro china ndi ufa wofiirira kapena mizere yakuda yotuluka pamene mwendo wapanikizidwa ku chimango. Ufawo ndi chitsulo chomwe chikuperesana. Bawuti lomangidwa bwino limagwira chilili, koma lokhwepa limapindika pang'ono pa kutera kulikonse, ngati waya amene mukumupinda uku ndi uku mpaka aduke. N'chifukwa chake kungolimanganso sikuthetsa nkhani. Bawuti lomwe layenda lili lokhwepa lichotsedwe, bowo lake liyezedwe, ndipo liikidwe latsopano ndi torque wrench yoyesedwa. Mukamanga, lembani kamzere ka penti pa nati kuti woyendetsa aziona m'mawa ngati yasuntha. Opanga ena amalemba maola kapena nambala ya kutera imene mabawuti ndi miyendo iyenera kusinthidwa ngakhale ikuoneka yabwino. Fufuzani m'buku ndi m'makalata a wopanga.

Zipangizo zikachedwa kufika pakati pa nyengo yopopera, pamabwera chiyeso choika bawuti la galimoto looneka lofanana. Musatero. Mabawuti a ndege amasiyana pa chitsulo, pa ulusi ndi pa utali wa gawo losalala, ndipo ulusi ukagwera mkati mwa bowo lonyamula katundu, pomwepo ndi pothyokera.

Dzimbiri lomwe lakumba timaenje. Gudumu likakankhidwira m'mwamba, mbali yapansi ya mwendo wa sipuling'i ndiyo imakokedwa. Ku fakitale mbali imeneyi amaiwomba ndi timipira tachitsulo kuti khungu lake likhale lopanikizika ndipo mng'alu usayambe msanga. Khungu limeneli ndi lopyapyala. Kadzenje ka dzimbiri kakalipyola, mng'alu umayambira pansi pa kadzenjeko n'kumakula pang'onopang'ono pa kutera kulikonse. Miyala ya pa bwalo imasupula penti mbali yapansi yomweyo, ndipo fumbi la feteleza monga urea ndi ammonium sulphate limakoka chinyezi n'kukhala pa chitsulo chosupukacho usiku wonse.

Tsukani, pukutani, ndipo ndi tochi ndi galasi lokuza kakhumi yang'anani malo awa:

- pamene mwendo ukutulukira m'chopanira cha pa chimango, makamaka m'mphepete mwake
- pozungulira mabowo a mabawuti a ekiselo
- pansi pa popondera ndi pansi pa zomangira paipi ya buleki, momwe madzi amabisala
- m'mbali mwa mwendo ndi pamene wapindikira
- paliponse pamene penti watupa kapena wang'aluka mzere wopingasa

Walitsani tochi chopendekeka, osati molunjika, kuti mng'alu uonetse mthunzi. Kamzere ka dzimbiri kowongoka kopingasa mwendo kayesedwe mng'alu mpaka wodziwa atatsimikiza kuti si choncho.

Maso okha saona mng'alu waung'ono, ndipo malo oopsa kwambiri ndi obisika mkati mwa chopanira. Mwendo uyenera kuchotsedwa pa nthawi yake kuti ukayezedwe ndi magnetic particle inspection, njira yopezera ming'alu pogwiritsa ntchito maginito, ndi munthu wa chiphaso cha ntchitoyo.

Pa mwendo wa sipuling'i izi n'zoletsedwa:

- kuwotcherera, ngakhale kongogwirizira popondera
- kuwotcha ndi moto kuti uwongoke, chifukwa kulimba kwake kunabwera ndi kutenthetsa kwa ku fakitale
- kuboola bowo latsopano
- kupala dzimbiri ndi grinder kapena kupyola kuya kumene buku lalola
- kuchotsa penti ndi mankhwala a asidi, omwe amalowetsa hydrogen m'chitsulo cholimbachi n'kuchisandutsa chophweka kuthyoka

Mwendo wong'aluka sukonzedwa. Umasinthidwa, ndipo wakalewo udulidwe kuti wina asadzautole.

Chimango chang'aluka pogwira mwendo. Matupi a ndegezi ndi mapaipi a chitsulo owotcherera. Air Tractor ili ndi malata a m'mbali omasuka mosavuta ndi ma Camloc, tizomangira tomasuka pongotizungulitsa pang'ono, cholinga chake n'choti muzitsegula, kutsuka ndi kuyang'ana mkati. Onani m'mphepete mwa mowotcherera monse pafupi ndi miyendo, mapaipi opindika, ndi malata okwinyika pansi pa thupi. Kukonza chimango ndi ntchito ya injiniya ndi wowotcherera wovomerezeka, motsatira malangizo a wopanga.

Phiko limodzi latsika. Imikani ndege posalala, mafuta ofanana m'mapiko, mpweya wofanana m'matayala. Ikankheni kutsogolo pang'ono kuti miyendo ikhazikike, ndiyeno yezani kuchokera pansi kufika kunsonga ya phiko lililonse. Kusiyana kukakhalapo:

- pa mwendo wa sipuling'i, wapindika kapena wasuntha m'chopanira
- pa wa labala, zingwe zatopa kapena zavunda ndi oyilo wodontha ku injini, ndipo muzisinthe mbali zonse nthawi imodzi
- pa wa mafuta ndi mpweya, yezani gawo lonyezimira lomwe likuonekera. Ngati lanyowa, labala wotseka wadyeka ndi mchenga. Kupukuta gawoli tsiku lililonse ndi nsalu yonyowetsedwa ndi mafuta a mwendowo kumateteza. Powonjezera mphamvu gwiritsani ntchito nitrogen. Oxygen ikakumana ndi mafuta imaphulika.

Chilichonse cha mu gawo lino chikapezeka, ndege isadzazidwenso mpaka injiniya wa chiphaso ataiona ndi kusaina m'buku.

## 6. Mwendo wathyoka

1. Tsekani injini, mafuta ndi magetsi. Tulukani, muime kumene mphepo ikuchokera.
2. Chotsani anthu pafupi. Olowa avale zodzitetezera ku mankhwala, ndipo chozimira moto chikhale pafupi.
3. Mankhwala kapena mafuta akamatayika, unjikani dothi mozungulira kuti asafike m'ngalande, m'dambo kapena pa chitsime.
4. Jambulani zithunzi musanasunthe kanthu: mikwasa ya matayala, dzenje ngati lilipo, malo othyoka, mmene loko ndi parking brake zinalili.
5. Dziwitsani bungwe loyang'anira za ndege m'dziko lanu ndi a inshuwalansi. Ngozi yochitika ndege ikupita kukanyamuka imawerengedwa ngakhale siinachoke pansi. Kupatula populumutsa munthu kapena kupewa moto, dikirani chilolezo musanaisunthe.
6. Popani katundu yense kutuluka mu hopper, ndi mafuta ngati n'kotheka, musanaikweze. Nyamulirani pa malo amene buku lasonyeza. Kumanga tcheni ku mwendo wotsalawo kapena ku sipuling'i yakumchira n'kukoka ndi thirakitala kumawonjezera zowonongeka.

Pulopela ikakhudza pansi, injini iyenera kufufuzidwa ngakhale mapeni akuoneka owongoka. Kampani yopanga injini ya Lycoming inalemba zimenezi m'kalata yake ya Service Bulletin 533, ndipo buku la injini ya PT6 lili ndi gawo lake la injini yoimitsidwa mwadzidzidzi. Nsonga ya phiko ikagunda, injiniya aone chitsulo chachikulu cha m'phiko ndi mogwirira mwake ku thupi, pamodzi ndi mapaipi opopera ndi pampu.

Zidutswa zothyokazo musazitsuke, musazipale, ndipo musaziyerekeze kuzilumikiza kuti muone mmene zinalili, chifukwa kukhudzana kumafufuta zizindikiro. Zikulungeni padera pa malo ouma. Pothyoka pakaoneka kachigawo kosalala, kakuda kapena ka dzimbiri, kokhala ndi mizere yopindika yoyambira m'mphepete, kenako gawo lotsalalo lowala ndi lokhakhala, mng'alu unalipo kale ndipo gawo lowalalo ndi lomwe linatsala likugwira. Pakakhala powala ponse ndipo chitsulo chapindika, mwendo unalemedwa nthawi imodzi, ndiye fufuzani dzenje, liwiro pokhota ndi kulemera kwa katundu. Feteleza wouma ndi mankhwala ena amadzi amalemera mosiyana ndi madzi, choncho hopper yodzaza mofanana siilemera mofanana.

Mng'alu wa kutopa ukapezeka, mwendo wa mbali inayo uchotsedwenso ndi kukayezedwa pamodzi ndi mabawuti ake, poti unatera maulendo omwewo pa mabwalo omwewo. Poika yatsopano, lembani m'buku tsiku, maola a ndege ndi nambala ya mwendo uliwonse, ndipo kuyambira tsikulo woyendetsa azilemba nambala ya kutera pa tsiku pambali pa maola.